Mmene mungaifufuzire nambala yaikulu mpaka kuidziwa mtundu wake

Munthu akakupatsani nambala yaikulu, ya madijiti sikisi kapena seveni, n'kukufunsani kuti kodi nambala imeneyi ndi ya mtundu wanji, ambirife timangoyang'ana dijiti yomaliza n'kunena kuti even kapena odd, basi nkhani yathera pomwepo. Komatu nambala iliyonse ili ndi zambiri m'kati mwake, ndipo kuzitulukira sikufuna digiri ayi, kumangofuna pepala, cholembera, kalikuleta ya pafoni ndi kudekha pang'ono. Ine ndikufuna tiyendere limodzi manambala awiri oyandikana, 360,360 ndi mnzake 360,361. Akusiyana ndi 1 yekha, koma mudzaona nokha kuti khalidwe lawo ndi losiyana kutalitali.

Chomwe ndikufuna muchigwiritse kuyambira pano ndi ichi: musanaipatse nambala dzina lililonse, iphwanyeni kaye m'ma prime ake. Prime ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 2, 3, 5, 7, 11, 13. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imamangidwa pochulukitsa ma prime, ndipo imamangidwa mwa njira imodzi yokha, palibe yachiwiri. Mukapeza ma prime amenewo ndiye kuti mwapeza kiyi, zina zonse tikambe pansipa zizingotseguka zokha.

Tiyambe ndi 360,360.

Yang'anani kumapeto kwake. Ikuthera ndi 0, nde kuti 2, 5 ndi 10 akuigawa. Za 4 mumaona madijiti awiri omaliza, apa ndi 60, ndipo 60 imagawika ndi 4. Za 8 mumaona atatu omaliza, 360, yomwe ndi 8 × 45. Kenako phatikizani madijiti onse, 3+6+0+3+6+0, mupeza 18, ndipo poti 18 imagawika ndi 3 komanso ndi 9 ndiye kuti nambala yonseyo imagawikanso ndi 3 ndi 9. Anthu ambiri lamulo limeneli amangoliloweza osadziwa chifukwa chake, pamene chifukwa chake n'chophweka: 10, 100, 1,000 ndi anzawo onse mukawagawa ndi 9 patsala 1, choncho chotsala cha nambala yonse chimafanana ndi chotsala cha madijiti ake mukawaphatikiza.

Pa 7, 11 ndi 13 pali kanjira kena komwe ine ndimakakonda kwambiri. 7 × 11 × 13 ndi 1,001. Ndiye dulani nambala yanu m'magulu a madijiti atatuatatu kuyambira kumanja, muziphatikiza gulu limodzi n'kuchotsera lotsatira mosinthanitsa, yankho lomwe mupezelo likagawika ndi 7, 11 kapena 13, nambala yonse imagawikanso. Apa ndi 360 − 360, yankho ndi 0, ndipo 0 imagawika ndi chilichonse, ndiye atatu onsewa alowa. Nambala iliyonse ya madijiti sikisi yobwereza chonchi, kaya 123,123 kaya 857,857, ndi madijiti atatuwo kuchulukitsa ndi 1,001, yesani muone.

Tsopano kuphwanya kwenikweniko. Yambani ndi prime yaing'ono kwambiri ndipo musaisiye mpaka itakana. 360,360 kugawa ndi 2 ndi 180,180, kugawanso ndi 2 ndi 90,090, kachitatu ndi 45,045, apa yakhala odd, 2 wakana. Pitani pa 3: 15,015, kenako 5,005, madijiti ake akupanga 10, nde 3 wakana. Pa 5 mupeza 1,001, ndipo iyi tikuidziwa kale. Lembani chonchi:

360,360 = 2³ × 3² × 5 × 7 × 11 × 13

Musathamange, chulukitsaninso kubwerera mmbuyo kuti mutsimikize. 8 × 9 ndi 72, kuchulukitsa ndi 5 ndi 360, kuchulukitsa ndi 1,001 tabwerera pa 360,360. Sitepe imeneyi anthu amaiona ngati yotaya nthawi koma mukalakwitsa apa, zonse zotsatira zikhala zolakwika ndipo simudzadziwa kuti munapatukira pati.

Iyi inali yofewa. Tiyeni pa mnzake uja.

360,361 ikuthera ndi 1, madijiti ake akupanga 19, magulu aja akupereka 361 − 360 yomwe ndi 1. Palibe lamulo lililonse lachidule lomwe likugwira. Ndipo sizinangochitika mwangozi, pakuti ma prime onse omwe amagawa 360,360 ayenera kusiya chotsala cha 1 pa nambala yotsatira. Apa ndi pomwe ambiri amagwera, amayesa 17, 19, 23, mwina mpaka 31, akaona zonse zikukana amangoti ndi prime. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukana kwa ma prime khumi oyamba si umboni wa chilichonse. Chitsanzo chodziwika bwino ndi 30,031, yomwe ndi 2 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13 kuphatikiza 1, imaoneka ngati prime koma ndi 59 × 509.

Ndiye muyese mpaka pati? Mpaka pa square root ya nambalayo basi, ija yoti mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imabereka nambalayo, osapitirira. Chifukwa chake n'chakuti ma factor, manambala ogawa nambala yanu popanda chotsala, amayenda awiriawiri, imodzi ikakhala yaikulu kuposa square root, inzake iyenera kukhala yaing'ono, ndiye mukasesa mbali yaing'onoyo osapeza kanthu, mbali yaikulunso kulibe. 600 × 600 ndi 360,000 pomwe 601 × 601 ndi 361,201, choncho malire athu ndi 600, ndipo pansi pa 600 pali ma prime 109. Si ochepa, komanso si ntchito yosatheka. Ngati mulibe mndandanda wa ma prime upangeni nokha mwa njira ya Eratosthenes, katswiri wachigiriki yemwe ankayang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria: lembani manambala kuyambira 2, siyani 2 n'kufufuta onse ogawika ndi 2, siyani 3 n'kufufuta ogawika ndi 3, muzipita choncho, otsala osafufutidwawo ndiwo ma prime.

Yambani kugawa. 17 akusiya 12, 19 akusiya 7, 23 akusiya 20, ndipo zizingokana choncho, 37, 41, 43, mpaka 79, 83, apa mtima umayamba kukuuzani kuti basi siyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Prime ya nambala 24 pamndandanda, 89, ikulowa ndendende:

360,361 = 89 × 4,049

Nanga 4,049 ndi prime? Pano pali kanzeru kena koti kakupulumutseni kuntchito. Chilichonse chogawa 4,049 chiyeneranso kugawa 360,361, ndipo ma prime onse osafika 89 tawayesa kale akana. Square root ya 4,049 ili pakati pa 63 ndi 64. Ndiye palibenso choyesa, 4,049 ndi prime, mwamaliza. Nambala yotere, yomangidwa ndi ma prime awiri okha, imatchedwa semiprime.

Ndisanachoke pa kuphwanyaku ndikuonetseni njira ina yomwe anaipeza Pierre de Fermat, loya wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600. Imathandiza ma factor awiri akakhala oyandikana. Tengani 359,999. Mukati mugawe imodziimodzi muyesa ma prime 108 pachabe, ya nambala 109 ndi yomwe ilowe. Koma taonani, 359,999 ikungoperewera 1 kuti ifike 360,000 yomwe ndi 600², ndiye ndi 600² − 1², ndipo kusiyana kwa ma square awiri nthawi zonse kumakhala (a − b)(a + b), apa 599 × 601, onse awiri ma prime. Chizolowezi chabwino n'chakuti musanayambe kugawagawa, onani square yoyandikira pamwamba pa nambala yanu, chotseranipo nambalayo, muone ngati chotsalacho ndi square. Zikakana yesani square yotsatira, kawiri katatu, zikakanabe bwererani ku kugawa kuja.

Tsopano kiyi tili nayo, tiyeni titsegule.

Choyamba, nambalayi ili ndi ma factor angati? Simukufunika kuwalemba onse. Tengani tinambala tapamwamba tija, ma power, onjezerani 1 pa kalikonse, kenako chulukitsani. Pa 360,360 ma power ndi 3, 2, 1, 1, 1, 1, ndiye 4 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 192. Zimatheka chonchi chifukwa popanga factor mumasankha kuti 2 mumutenga kangati, osamutenga n'komwe, kamodzi, kawiri kapena katatu, zosankha zinayi, 3 ali ndi zitatu, ena onse ziwiriziwiri, kumutenga kapena kumusiya. Mnzake uja ali ndi 2 × 2 = 4 basi: 1, 89, 4,049 ndi iye mwini. 192 mbali ino, 4 mbali inayo, manambala oyandikana khomo ndi khomo.

Apa chenjerani ndi dzina lina lomwe limakopa. Pali gulu lotchedwa highly composite, lomwe Srinivasa Ramanujan wa ku India analilembera mozama mu 1915. Nambala imalowa m'gululi ngati ili ndi ma factor ambiri kuposa nambala iliyonse yaing'ono kwa iyo. Poona 192 mutha kuganiza kuti 360,360 yalowa, koma ayi ndithu, 332,640 ndi yaing'ono ndipo nayonso ili ndi 192, iwerengereni nokha, ndi 2⁵ × 3³ × 5 × 7 × 11. Kufanana sikukwanira, imayenera kuposa. Mukachulukitsa 360,360 ndi 2 n'kukhala 720,720, yokhala ndi ma factor 240, imeneyo ndiye ilimo. Ulemu womwe 360,360 ili nawo ndi wina: ndi nambala yaing'ono kwambiri yomwe imagawika ndi manambala onse kuyambira 1 mpaka 15. Pa 16 imakana chifukwa 16 akufuna ma 2 anayi pomwe iyo ili ndi atatu.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ine pamandisangalatsa kwambiri, phatikizani ma factor onse. Kuphatikiza manambala 192 pamanja kungakudyereni tsiku, koma njira yachidule ilipo. Pa prime iliyonse phatikizani ma power ake kuyambira pa 1. Pa 2³ ndi 1+2+4+8 = 15, pa 3² ndi 1+3+9 = 13, pa 5 ndi 6, pa 7 ndi 8, pa 11 ndi 12, pa 13 ndi 14. Chulukitsani zonsezi, 15 × 13 × 6 × 8 × 12 × 14, mupeza 1,572,480. Chotseranipo nambala yeniyeniyo kuti mutsale ndi ma factor ena okha, patsala 1,212,120.

Yankho limeneli ndi lomwe limaika nambala m'gulu limodzi mwa magulu atatu akalekale, omwe Nicomachus wa ku Gerasa anawafotokoza cha m'ma 100 AD. Chotsalacho chikaposa nambalayo, nambalayo ndi abundant, kunena kuti yosefukira. Chikaperewera ndi deficient. Chikafanana ndendende ndi perfect. 360,360 ndi abundant kwabasi, ma factor ake ena mukawaphatikiza akuiposa katatu n'kupitirira. Mnzake uja 1 + 89 + 4,049 = 4,139, kamodzi ka m'makumi asanu ndi atatu ka nambalayo sikakufika n'komwe, deficient yeniyeni. Ma prime onse ndi deficient, pajatu chotsala chawo ndi 1 basi.

Pali kachidule kenanso: nambala iliyonse yogawika ndi 6, bola ikhale yoposa 6, ndi abundant, simufunika n'kuwerengera komwe. Theka lake, gawo lachitatu ndi gawo lachisanu ndi chimodzi zikaphatikizana zimakwana kale nambalayo, ndiye mukaonjezapo 1 yasefukira. Komanso musaganize kuti ma odd sakhala abundant, amakhala, kungoti yoyamba imabwera mochedwa, ndi 945.

Ma perfect ndi osowa kwambiri moti mutha kungowaloweza: 6, 28, 496, 8,128, kenako kudumpha mpaka 33,550,336. Ndiye wina akakupatsani nambala ya madijiti faifi, sikisi kapena seveni, mutha kumuuza musanagwire n'cholembera komwe kuti si perfect. Euclid anaonetsa kuti 2ᵖ − 1 ikakhala prime, mukaichulukitsa ndi 2ᵖ⁻¹ mumapeza perfect, monga 8,191 × 4,096 yomwe ndi 33,550,336 ija, ndipo patapita zaka pafupifupi 2,000 Leonhard Euler anatsimikiza kuti perfect iliyonse ya even imapangidwa choncho. Ya odd palibe anaipezapo, komanso palibe anatsimikiza kuti kulibe, funso limeneli likadali chitsegukire mpaka lero ndipo kwa ine n'chinthu chodabwitsa kuti funso loti mwana wa pulaimale atha kulimva likhale likugonjetsa akatswiri onse zaka zonsezi. Mukadali pomwepo yesaninso ichi: chotsala chija cha ma factor ophatikizidwa chichiteni zomwezo, mukabwerera pa nambala yoyamba ndiye kuti mwapeza awiri otchedwa amicable, monga 220 ndi 284.

Chachitatu ndi totient ya Euler, yomwe imawerenga kuti ndi manambala angati kuyambira 1 mpaka pa nambala yanu omwe sagawana nayo factor ina kupatula 1. Kapezedwe kake, pa prime yomwe yaoneka kamodzi ingochotserani 1, pa yomwe ili ndi power chotserani power yapansi pake. 8 − 4 = 4, 9 − 3 = 6, kenako 4, 6, 10, 12, zonse pamodzi kuchulukitsa ndi 69,120. Pa 360,361 ndi 88 × 4,048 = 356,224. Izi si zamasewera chabe. Njira ya RSA yotetezera mauthenga pa intaneti, yomwe Rivest, Shamir ndi Adleman anaitulukira mu 1977, imatsamira pa semiprime ngati yathuyi kungoti ya madijiti mazanamazana, ndipo yemwe akudziwa ma prime awiriwo amapeza totient mosavuta pomwe wina aliyense alibe poyambira. Ntchito yomwe tinaivutikira ija mpaka kufika pa 89, pa nambala ya madijiti 600 ngakhale makompyuta amphamvu satha kuimaliza.

Za ma square tidutse msanga. Square siithera ndi 2, 3, 7 kapena 8, ndipo ikathera ndi maziro amakhala awiri, anayi, choncho, osati imodzi. Umboni weniweni uli pa ma power: onse akhale even. A 360,360 si even onse, nde si square, ndipo kuti ikhale square muyenera kuichulukitsa ndi 2 × 5 × 7 × 11 × 13, yomwe ndi 10,010, mupeza 3,607,203,600, imeneyo ndi 60,060². Pa cube ma power onse agawike ndi 3. Ma power onse akakhala 1 nambalayo ndi squarefree, choncho 360,361 ilimo, 360,360 mulibe chifukwa 4 ndi 9 amaigawa. Ngati mukufuna kudziwa ngati ndi triangular, ija yopangidwa pophatikiza 1+2+3 mpaka penapake, ichulukitseni ndi 8, onjezerani 1, muone ngati yankho ndi square. 5,050 imapereka 40,401 yomwe ndi 201², ndiye ilimo. Athu awiriwa akupereka 2,882,881 ndi 2,882,889, onse akugwera pakati pa 1,697² ndi 1,698², palibe walowa.

Koma funso lotsatirali ndiye limaonetsa bwino mphamvu ya kuphwanya kuja. Kodi nambala yanu ingalembedwe ngati ma square awiri ophatikizana? Kuyesa imodziimodzi kungatenge maulendo mazana. M'malo mwake gawani prime iliyonse ya odd ndi 4 muone chotsala. Zosiya 1, monga 5, 13, 89, sizivuta. Zosiya 3, monga 3, 7, 11, ndi zomwe zimatchinga njira, ndipo lamulo ndi lakuti iliyonse mwa izi iyenera kukhala ndi power ya even. Mu 360,360 ya 3 ili bwino poti ili ndi power 2, koma 7 ndi 11 aoneka kamodzikamodzi, ndiye musadzivutitse, sizingatheke. Maziko a lamuloli anawanena Fermat, koma amene anapereka umboni wake ndi Euler.

360,361 ndiye apa yapambana. 89 imasiya 1, 4,049 imasiyanso 1, ndiye zitheka, ndipo poti ma prime otere alipo awiri zitheka mwa njira ziwiri. Kuti muzipeze lembani prime iliyonse payokha: 89 = 5² + 8², ndipo 4,049 = 32² + 55². Tsopano sakanizani. 5 × 32 kuphatikiza 8 × 55 ndi 600, ndipo 5 × 55 kuchotsera 8 × 32 ndi 19. Sinthani zizindikiro, 8 × 55 kuchotsera 5 × 32 ndi 280, 5 × 55 kuphatikiza 8 × 32 ndi 531.

360,361 = 600² + 19² = 531² + 280²

Iwerengereni pa kalikuleta, 360,000 + 361, kenako 281,961 + 78,400. Ndipo gwirani ichi, chimagwiranso ntchito chobwerera: nambala ya odd ikalembeka ngati ma square awiri mwa njira ziwiri zosiyana, si prime, chifukwa prime imalola njira imodzi yokha kapena osalola n'komwe. Kutanthauza kuti wina akanakuonetsani mizere iwiri imeneyi poyamba pomwe, mukanadziwa kuti 360,361 si prime musanagawe ndi 17 yemwe.

360,360 yakana awiri koma atatu ikulola, 600² + 18² + 6². Omwe amakana atatu ndi okhawo oti mukawagawa ndi 4 mobwereza mpaka atakana, chotsalacho n'kuchigawa ndi 8, patsala 7, limeneli ndi lamulo la Legendre. Anayi ndiye palibe nambala yokana, Lagrange anatsimikiza zimenezi mu 1770.

Pali gulu lina la maina lomwe ndikufuna mulisiyanitse ndi onse takambawa, maina odalira kalembedwe. Harshad, dzina lomwe anapereka D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa ku India, ndi nambala yogawika ndi madijiti ake ophatikizidwa. 360,360 kugawa ndi 18 ndi 20,020, ilimo. 360,361 kugawa ndi 19 patsala 7, mulibe. Palindrome ndi yowerengeka chimodzimodzi kuchokera mbali zonse, monga 360,063, ndipo musasokonezeke, 360,360 imabwereza koma si palindrome. Maina amenewa ndi osangalatsa ndithu ndipo ine ndimawayesa nthawi zonse, koma ndi a chovala cha nambala osati nambalayo. Mukailemba mu binary, kalembedwe ka makompyuta ka 0 ndi 1, ambiri a iwo amatha, pomwe prime imakhalabe prime ndipo ma factor 192 aja amakhalabe 192.

Kuilemba mu binary n'kosavuta: gawani ndi 2 mobwereza, muzilemba chotsala pambali, pomaliza werengani zotsalazo kuchokera pansi kupita pamwamba. 360,360 imakhala 1010111111110101000, madijiti 19. Onani maziro atatu akumapetowo, ndi 2³ uja akuonekera poyera. Mukaidula m'magulu a anayianayi kuyambira kumanja mumapeza hexadecimal yake, kalembedwe ka zizindikiro 16 komwe gulu lililonse limakhala chizindikiro chimodzi, 57FA8.

Nanga nambala ikakula moti kugawa mpaka pa square root n'kosatheka? Apa pamabwera mayeso a Fermat. Ngati n ndi prime ya odd, 2 kumukweza ku power n − 1 n'kugawa ndi n kuyenera kusiya 1. Mu Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, mungolemba pow(2, 360360, 360361) ndipo yankho limabwera nthawi yomweyo, silikhala 1, ndiye mwadziwa kuti si prime ngakhale factor imodzi simunaipeze. Koma samalani mbali inayo. Yankho likakhala 1 si umboni kuti ndi prime. 341 ndi 11 × 31 koma imadutsa mayesowa, ndipo pali ena oopsa kwambiri otchedwa manambala a Carmichael, woyamba ndi 561 yemwe ndi 3 × 11 × 17, awa amadutsa ngakhale m'malo mwa 2 mutaikapo nambala ina iliyonse yosagawana nawo factor. N'chifukwa chake mapulogalamu enieni amagwiritsa ntchito mayeso a Miller ndi Rabin omwe ndi okhwima kuposa awa. Fermat mwiniyo anakhulupirira kuti 4,294,967,297, yomwe ndi 2³² + 1, ndi prime, mpaka Euler mu 1732 anaonetsa kuti ndi 641 × 6,700,417. Ngati munthu wanzeru ngati ameneyo ananyengeka ndi maonekedwe a nambala, ife tiyenera kutsimikiza kawiri tisanalembe mawu oti prime.

Ma prime akuluakulu omwe amamveka m'nkhani nthawi zambiri ndi a mtundu wa Mersenne, 2ᵖ − 1, chifukwa amenewa ali ndi mayeso awoawo achangu a Lucas ndi Lehmer. Mu Okutobala 2024 gulu la GIMPS, lomwe limagwiritsa ntchito makompyuta a anthu odzipereka, linapeza 2 ku power 136,279,841 kuchotsera 1, yokhala ndi madijiti 41,024,320. Koma p kukhala prime sikukwanira, 2¹¹ − 1 ndi 2,047 yomwe ndi 23 × 89, 89 yathu yomwe ija.

Mukamaliza pamanja tsimikizani ndi makina, osati kuyambira kumakinako, chifukwa mukayambira kumeneko mumangolandira maina ambirimbiri osadziwa achokera kuti. Pa Linux lembani factor 360361 ikupatsani 89 ndi 4049. Wolfram Alpha, tsamba la pa intaneti lowerengera masamu, imaonetsa zambiri mwa zomwe tawerengazi. OEIS, nkhokwe ya mindandanda ya manambala yomwe Neil Sloane anaiyamba mu 1964, ndi yabwino poona magulu ena omwe nambala yanu ilimo, mungoilemba m'bokosi lofufuzira popanda chizindikiro cha koma (,) pakati.

Chenjezo lomaliza ndi la makina omwewo. Kalikuleta wamba ikadzaza imayamba kufupikitsa yankho osakuuzani, ndiye kugawa koti kwasiya chotsala kumatha kuoneka ngati kwalowa ndendende. Excel imasunga madijiti 15 okha, otsalawo imawasandutsa maziro. Yesani ndi nambala yotchuka ya Frank Nelson Cole, yemwe mu 1903 pamsonkhano wa akatswiri a masamu ku New York anaonetsa pabolodi kuti 2⁶⁷ − 1 si prime. Chulukitsani 193,707,721 ndi 761,838,257,287. Yankho lenileni ndi 147,573,952,589,676,412,927, madijiti 21, ndipo Excel ikutayirani sikisi omalizawo. Pa manambala otalika chonchi gwiritsani ntchito Python, yomwe siidula madijiti a nambala yathunthu, ndipo pofuna chotsala lembani chizindikiro cha % m'malo mwa chogawira chija, yankho likakhala 0 ndiye kuti yalowadi.